Nyenyezi Zothothoka: Tione ndi Maso Athu

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti kuwala kukadutsa kumwamba usiku, ndiye kuti mfiti ili paulendo. Mantha oterewa achititsa kuti agogo osalakwa alozedwe chala. Tiyeni tifufuze tokha.

Chimene timachitcha nyenyezi yothothoka si nyenyezi ayi. Kawirikawiri ndi kamwala kochepa ngati mchenga, kamene kamapsa kakalowa mumpweya wozungulira dziko, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pansi. Chaka chilichonse, cha pa 5 ndi 6 Meyi, dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, imene inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. N'chifukwa chake masiku amenewa zimathothoka zambiri. Chinthu chodziwika tsiku lake pasadakhale sichingakhale ntchito ya mnansi wathu.

Mu Meyi mvula imakhala italekeza kuno ku Blantyre, koma magetsi a mu Victoria Avenue ndi mu Limbe amabisa nyenyezi. Tipite pagulu kumalo amdima, monga ku Mpemba kapena ku Chigumula, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ngati kulibe chiperoni kapena mwezi wowala kwambiri. Titenge mphasa ndi chofunda basi. Foni ikhale m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima, kenako tiyang'ane chakum'mawa.

Mafunso okambirana:
1. Kwathu ankati chiyani nyenyezi ikathothoka?
2. Mwana akachita mantha, tingamufotokozere bwanji popanda kunyoza makolo ake?