Za Mlandu wa Kugulitsa Cakudya Coipa

M'misika ya kumapiri kuno, pa Dedza, pa Bembeke ndi pa Lizulu, wogula sangathe kuona za m'kati mwa botolo la mkaka kapena thumba la ufa, angokhulupirira wogulitsa. Cifukwa cace lamulo la dziko liima pakati pa awiriwa.

Lamulo lalikuru la milandu, lochedwa Penal Code, litsutsa anthu awiri: woyamba ndiye amene asanganiza zoipa m'cakudya kapena m'cakumwa ca malonda, kotero kuti cisanduka copweteka thupi, waciwiri ndiye amene agulitsa cinthu cotere ali kudziwa kuti ncoipa. Lamulo la zaumoyo la caka ca 1948 lipatsanso oyang'anira zaumoyo mphamvu yolanda cakudya cobvunda. Zokayikitsa ziyesedwa ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972, ndipo mlandu upita kwa majisitireti, amene angathe kulamula faindi kapena ndende.

Wothira madzi mumkaka asaganize kuti sadzadziwika. Mkaka ulemera kuposa madzi, ndipo kumalo osonkhanitsira mkaka kuli kacipangizo kamene kamira kwambiri mumkaka wosungunula. Tsono madziwo akakhala a padambo, cinyengoco cifika nao matenda kwa ana.

Zoopsa za ufa wobvunda zinaoneka kwa anansi athu a ku Mozambique. Mu Januwale 2015, pa Chitima m'cigawo ca Tete, anthu 75 anafa atamwa mowa wa pamaliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atayesa anapeza kuti ululu unacokera ku tizirombo tomera mu ufa wa cimanga woonongeka ndi madzi. Sipanasoweke mfiti: ufa wokha unatha anthu, ndipo mai wofululayo anafa nao pamodzi.

Aphunzitsi afotokoze bwino kwa Akristu kuti wosungunula mkaka acimwira lamulo lacisanu ndi ciwiri, pakuti alandira ndalama ya cinthu cimene sanapereke. Wogulitsa dala cakudya copweteka acimwiranso lacisanu. Ndipo kulipira faindi kuboma sikucotsa udindo wakubweza kwa wonyengedwayo.

Muyeso wace ngwapafupi: cimene munthu sangapatse mwana wace, asaciike pamsika. Wogula amene apeza zotere akauze woyang'anira zaumoyo msanga, wina asanadye.