Kodi feteleza wa ku Chifunda angakafike kunyanja?

FUNSO: Alangizi, kuno ku Chifunda kukumveka zoti feteleza wothira m'munda amakaipitsa madzi a m'nyanja. Nyanja yake iti, pomwe kuno kuli mtsinje wa Luangwa basi? Nanga zimenezi zimayezedwa bwanji?
Mlimi wa chimanga ndi mpunga, Chifunda, Chama

YANKHO: Luangwa amakathira mu Zambezi pa tauni ya Luangwa, kutsidya kwake kuli Zumbo. Kumunsi kwa pamenepo ndi kumene kumayambira nyanja ya Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, yomwe inapangika atatseka damu mu 1974. Zimene Luangwa wanyamula zimalowera kumeneko.

Chodetsa nkhawa m'feteleza ndi fosiforasi. Pathumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10, ndipo nambala yapakatiyo ndiyo ya mchere umenewu. Kumunda umalimbitsa mizu. M'nyanja umadyetsa ndere ndi namasupuni, zomwe zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya umene nsomba, monga kapenta wa ku Cahora Bassa, zimapuma. Ndere zina zimatulutsa poizoni. Mu 2014 anthu oposa 400,000 a mumzinda wa Toledo ku America analetsedwa kumwa madzi a pampopi chifukwa cha ndere za m'nyanja ya Erie, ndipo mu 2016 America ndi Canada anagwirizana zochepetsa fosiforasi wolowa m'nyanjayo ndi 40 peresenti.

Fosiforasi sasungunuka msanga ngati Urea. Amakanirira kudothi, choncho amayenda dothilo likayenda. Madzi ofiira a mu Januwale ndi Febuluwale ndiwo amanyamula wochuluka, pamene madzi oyera a m'chilimwe amakhala ndi wochepa. Sikuti yense ndi wa m'thumba ayi: dothi lili ndi wake wachibadwa, ndipo phulusa la lupsa, zimbudzi zosefukira ndi ndowe, ngakhale za mvuu zimene zadzaza mu Luangwa, zimaonjezerapo. Komanso Chifunda sangasenze mlandu yekha, poti mitsinje ya Lundazi ndi Lunsemfwa imatsetserekera mu Luangwa kuchokera kumadera olimidwa kwambiri.

Poyeza, akatswiri amatunga madzi m'botolo loyera n'kupita nawo kulabotale. Kumeneko amathiramo mankhwala amene amasandutsa madziwo kukhala obiriwira ngati thambo. Mtunduwo ukaderako, ndiye kuti fosiforasi ndi wambiri, ndipo makina amawerenga kuti ndi mamiligalamu angati pa lita. Nambala imeneyi payokha sithandiza kwenikweni. Amaichulukitsa ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pamalopo, kumene amakudziwa powerenga chitsulo cha manambala choimikidwa m'mphepete mwa mtsinje, kuti apeze matani a pachaka. Vuto ndi loti botolo liyenera kutungidwa mtsinje utadzaza, nthawi imene misewu ya kuchigwa siyendeka. Woyeza m'chilimwe chokha amabwerako ndi nambala yosangalatsa koma yonama. M'Zambia, zoyeza mitsinje zili m'manja mwa WARMA, pamene zoipitsa chilengedwe amayang'anira ndi a ZEMA. Mabungwe onsewa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2011.

Kuchepetsa vutoli n'kusunga dothi m'munda. Feteleza wokulitsa athiridwe m'kadzenje pambali pa phando n'kukwirira, osati kumwaza pamwamba mitambo itada. Mizere idule chitsetso, vetiva abzalidwe pa akalozera, ndipo mapesi agonekedwe m'malo mowatentha. Chovuta kuchilandira ndi cha madimba, chifukwa chinyezi chili kugombe komweko. Komabe wolima mpaka pamadzi n'kuzula bango amapereka dimba lake kumtsinje pang'onopang'ono. Bango, udzu ndi mitengo ya m'mphepete zimasefa matope asanalowe m'madzi. Khola ndi chimbudzi zikhale kutali ndi khwawa.

Mlimi sasowa labotale kuti adziwe za munda wake. Atunge madzi otuluka kumapeto kwa mizere mvula ikamagwa, awasiye m'botolo usiku wonse. Matope odikha pansi ndiwo dothi ndi feteleza zimene munda wataya.