Kusinkhasinkha: Phunziro kwa Osungulumwa

M'midzi yathu ya ku Golomoti, ku Mtakataka ndi ku Mua muli anthu ambiri amene amagona m'nyumba okha: amai amasiye, nkhalamba zimene ana ao adapita ku Joni, odwala amene abale adatopa nao. Masana sabvutika kwambiri. Koma dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri a Dedza, mtima umayamba kubwereza zowawa zakale. Kumeneko nakonso nkusinkhasinkha, koma kopanda Mulungu, ndipo kumadya munthu ngati chiswe.

Mu 1927 Abambo a ku Mua adatsegula malo osamalira odwala khate. Akulu akukumbukira kuti chowawa koposa mabala chinali kusiyana ndi mudzi. Ku chisumbu cha Molokai, Damiano Woyera adakhala pakati pa odwala otere kuyambira 1873 mpaka imfa yake mu 1889. Nthawi zambiri analibe wansembe mnzake. Tsiku lina adachita kulapa machimo ake mofuula ali m'bwato, chifukwa wansembe amene anali m'sitima sadaloledwe kutsika. Mphamvu zake ankazitenga pogwada nthawi yaitali patsogolo pa Sakramenti Loyera.

Nanga inu amene muli kutali ndi tchalitchi, ndipo mwina simudziwa kuwerenga, muchite bwanji?

Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, makamaka ija imene kusungulumwa kumakugwirani. Khalani pansi, lembani chizindikiro cha mtanda, ndipo tengani nkhani imodzi yokha ya m'Mthenga Wabwino. Ignasio Woyera wa ku Loyola adaphunzitsa kuti tiyambe ndi kuona malowo m'mtima. Ife a kunyanja tili ndi mwai pamenepa. Tengani mutu 21 wa Yohane Woyera: asodzi agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, ndipo kutacha Ambuye Yezu ali pa gombe, moto wayaka, nsomba zili pamakala. Gombe mumalidziwa, utsiwo mumaudziwa, kutopa kwa asodzi mumakudziwa. Khalani pafupi ndi motowo. Yang'anani Ambuye, muwalole akuyang'aneni. Kenaka muwauze mosabisa zimene zili m'mtima, ngakhale dzina la mwana amene sakutumiza mau. Mukatero khalani chete pang'ono.

Maganizo adzathawa ngati mbuzi yodula chingwe. Musakwiye, musaleke; ibwezeni pang'onopang'ono. Mphindi 15 zikwanira poyamba. Amene azolowera Korona ali kale pa njira, pakuti zinsinsi zake ndi nkhani zomwezi, ngati sitizithamangira.

Inu aphunzitsi a katekisimu, phunziro ili musaliwerenge m'tchalitchi mokha, chifukwa eni ake ambiri safikamo. Pitani kunyumba kwao, mukhale nao pamphasa, muwafotokozere nkhaniyo ndi mau anu, musinkhesinkhe nao pamodzi kawiri kapena katatu mpaka azolowere. Sabata linzake mubwerenso ndi nkhani ina.