Nyumba ya ku Shiwa Ng'andu

Pakati pa Mpika ndi Chinsali, m'dziko la Abemba, pali nyanja yaing'ono yochedwa Shiwa Ng'andu, ndiko kunena nyanja ya ng'ona zacifumu. David Livingstone anapitapo m'caka ca 1867. Pafupi ndi nyanjayi pali nyumba yaikuru ya njerwa zofiira, yokhala ndi nsanja ndi zipinda zambiri.

Anaimanga ndiye Stewart Gore-Browne, msilikari wa ku England, amene anadza kuno mu 1911 kudzalemba malire a Northern Rhodesia ndi Congo. Mu 1914 anaiona nyanjayo, naikonda, nagulapo malo. Nkhondo yaikuru itabuka anapita kukamenya, koma mu 1920 anabwerera kudzakhala.

Nchito yomanga inali yobvuta ndithu. Njanji inali kutali ku Ndola, ulendo wa masiku ambiri. Njerwa anaumba ndi kuocha pomwepo, matabwa anaceka m'nkhalango, ndipo zimene sanathe kupanga zinadza pa mitu ya amtengatenga. Anthu mazanamazana anakhetsapo thukuta, ngakhale maina ao sachulidwa kawirikawiri. Mu 1927 Gore-Browne anakwatira Lorna Goldman, ndipo anabala ana awiri akazi.

Munthuyu anali waukali, wosacedwa kumenya anchito ace, cotero anthu anamucha Cipembere. Koma Cipembere yemweyo anamanga sukulu ndi cipatala. Masiku amenewo Mzungu sanali kudya pamodzi ndi munthu wakuda. Iye anaitana Aafrika kudzadya pa gome lace, ndipo Azungu ambiri anaipidwa naco. Kuyambira 1935 kufikira 1951 anakhala m'bwalo lopanga malamulo, kumene kwa zaka zambiri analankhulira Aafrika. Anathandiza Harry Nkumbula kukaphunzira kunja, ndipo atakalamba analowa cipani ca UNIP, nakhala bwenzi la Kenneth Kaunda.

Anamwalira ku Kasama pa 4 August 1967. Boma la Zambia linamlira maliro a ulemu wa dziko lonse, Pulezidenti Kaunda nalankhula pamaliropo. Anamuika pa phiri lopenya nyanja ija.

Pambuyo pace mwana wace wamkuru, Lorna, ndi mwamuna wace John Harvey anayang'anira malowo. Iwo atafa mu 1992, nyumba inayamba kuonongeka, denga nilidontha, kufikira adzukulu a Cipembere anaikonzanso, naitsegulira alendo.