Pule, Lamba ndi Injini Yotentha

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Mhuju, chigwa cha Henga chimatentha kwambiri. Munthu amathawira pamthunzi wa mango. Ng'ombe zimatsikira ku mtsinje wa Rukuru. Nanga injini ya chigayo ithawira kuti? Iyo imagwirabe ntchito m'kanyumba ka malata, m'fumbi la ufa, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ikafa, amayi amasenza chimanga ulendo wautali, kapena kubwerera ku mtondo. Mwini chigayo amatsala ndi ngongole.

Lero tiphunzira m'mene injini imadziziziritsira. Tiwerengeranso masamu pang'ono. Musaope. Ndi masamu omwe aja a kuchulukitsa ndi kugawa amene munaphunzira ku sukulu ya kwacha.

Injini zilipo za mitundu iwiri. Zina zimazizira ndi madzi. Galimoto zambiri zili ndi rediyeta kutsogolo. Injini za dizilo zochokera ku China, zimene zili m'zigayo zambiri masiku ano, zili ndi thanki ya madzi pamwamba. Koma zina sizimwa madzi konse. Zimazizira ndi mphepo basi. Mukaiyang'ana injini yotere muona timizere tachitsulo tambirimbiri ngati zipsepse za nsomba. Onani pa injini ya njinga yamoto, mutipeza. Kutentha kumatulukira m'timizere timeneti, ndipo mphepo imakuchotsa. Njinga yamoto imapeza mphepo pothamanga. Koma injini ya chigayo ili pamalo amodzi, choncho ili ndi fani yoipemerera.

Achikulire akukumbukira galimoto ya Volkswagen yotchedwa Beetle, yooneka ngati kamba, ndi inzake ya Kombi. Injini yake ili kumbuyo, ndipo ilibe rediyeta. Galimoto za Beetle zinkapangidwanso ku Uitenhage, ku South Africa, kuyambira 1951 mpaka 1979. Yomaliza pa dziko lonse inapangidwa ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003. Kampani ya Deutz ya ku Germany inayamba kupanga injini za dizilo zozizira ndi mphepo mu 1944. Ya Lister, ya ku Dursley ku England, inapanganso zambiri. Zina mwa injini zakalezi zikugwirabe ntchito chifukwa eni ake amazisamala.

Pa injini zambiri za Lister fani ili pa gudumu lalikulu lolemera la injiniyo. Pamenepo palibe chosintha. Koma pa Volkswagen ndi pa Deutz zambiri, fani imayendetsedwa ndi lamba. Lambayo amadutsa pa timagudumu tiwiri tokhala ndi ngalande m'mphepete. Kagudumu kotere amakaniko amakatcha pule. Pule imodzi ili pa injini, ndiyo yokoka. Ina ili pa fani, ndiyo yokokedwa.

Kodi munayang'anitsitsa njinga yanu yopalasa? Giya yakutsogolo ndi yaikulu, yakumbuyo ndi yaing'ono. Mukapalasa kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira kawiri ndi kupitirira. Pule zimachitanso chimodzimodzi. Yokoka ikakula, yokokedwa imathamanga. Yokokedwa ikakula, imachedwa. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa phunziro lonse lagona pamenepa.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Bambo wina amene anaphunzira kuwerenga m'kalasi lathu ali ndi chigayo cha injini yakale. Mwezi wa Juni pule ya fani inang'aluka. Makaniko wina anabwera ndi pule ina imene anaichotsa pa injini yakufa. Inalowa bwino pa shafiti, lamba anakwana, injini inalira. Onse anakondwa. M'miyezi yozizira panalibe vuto. Koma dzuwa la Okutobala litafika, injini inayamba kununkha oyilo wopserera. Mphamvu inachepa. Bamboyo ankaizimitsa kawirikawiri kuti ipume, amayi ali pamzere ndi madengu awo mpaka mdima. Ena anayamba kupita ku chigayo china.

Tsiku lina ndinawapeza atanyamula ndowa ya madzi kuti athire pa injini.

"Adada, imani kaye!" ndinatero. "Chitsulo chotentha mukachithira madzi ozizira chingathe kung'aluka. Kodi pule yakale ija munaitaya?"

"Ayi, aphunzitsi, ili padenga apo."

Tinabwereka rula ya mwana wa sukulu. Pule timaiyeza kuchokera m'mphepete, kudutsa pakati penipeni, mpaka m'mphepete mwinamo. Pule ya injini inali masentimita 20. Pule yakale ya fani inali masentimita 10. Yatsopano inali masentimita 12. Pa kachitsulo kolembedwa pambali pa injini, bamboyo anawerenga yekha kuti injini imazungulira ka 1,500 pa mphindi imodzi. Kale akadadikira munthu wina kuti awawerengere.

Tsono tengani pensulo muwerengere nafe. Chulukitsani liwiro la injini ndi kukula kwa pule ya injini. 1,500 kuchulukitsa ndi 20, yankho ndi 30,000. Kenaka gawani ndi kukula kwa pule ya fani. 30,000 kugawa ndi 10, yankho ndi 3,000. Ndiye kuti kale fani inkazungulira ka 3,000 pa mphindi. Tsopano gawani 30,000 ndi 12. Yankho ndi 2,500. Mwaona? Masentimita awiri okha anachotsa 500 pa mphindi iliyonse. Pa magawo asanu ndi limodzi a mphepo, gawo limodzi linatayika. Mu Juni injini inapirira chifukwa mphepo inali yozizira. Mu Okutobala inalephera.

Bamboyo ataona masamuwo anasangalala kwambiri, ndipo nzeru zina zinawabwerera.

"Ngati zili choncho, aphunzitsi, ndikagule ya masentimita 8. Mphepo ichuluke, injini izizire ngati madzi a ku Nyika!"

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwira, choncho tiyeni tifatse. Masamu awo anali olondola. 30,000 kugawa ndi 8 ndi 3,750. Mphepo ikadachulukadi. Koma fani simazungulira yokha. Imadya mphamvu ya injini, ndipo imadya modabwitsa. Mukaithamangitsa kawiri, mphepo imachuluka kawiri, koma mphamvu imene fani imafuna imachuluka kasanu ndi katatu. Kuchoka pa 3,000 kufika pa 3,750, fani imafuna mphamvu pafupifupi kawiri. Mphamvu imeneyo ikadachoka ku nyundo zogaya chimanga, ndipo dizilo akadatha msanga.

Palinso vuto lina. Pa pule yaing'ono lamba amagwira malo ochepa, ndipo amapindika kwambiri. Ntchito ikamukulira amaterereka. Amalira kuti tswii, amatentha, kenaka amaduka. Lamba akamaterereka fani imachedwa, ndiye kuti munthu wataya ndalama koma mphepo sinachuluke. Maberingi a fani nawonso amatha msanga. Fani yokalamba ikathamanga koposa muyeso wake ingathe kusweka ndi kuvulaza munthu.

Ine maganizo anga ndi awa. Amene anapanga injini anayesa kukula kwa pule zonse ziwiri mosamala. Ngati injini inagwira ntchito zaka zambiri osatentha, ndipo lero yayamba kutentha, pali china chimene chasintha. Funani chimenecho. Bamboyo anapita ku Mzuzu atanyamula pule yong'aluka ija m'thumba, ndipo anabwera ndi ina yofanana nayo. Koma titachotsa malata ophimba injini tinapezanso mdani wachiwiri. Timizere tija tinali titatsekeka ndi gaga wosakanizika ndi oyilo, wolimba ngati dothi la chulu. Mphepo inalibe podutsa. Anapala ndi kawaya tsiku lathunthu injini itazizira. Anabwezera malata onse m'malo mwake, chifukwa malatawo ndi amene amalondolera mphepo ku timizere. Anaboolanso zenera lina pakhoma kuti mphepo yotentha izituluka, isamabwerere ku fani.

Pa Volkswagen nkhani ndi yomweyi. Pule yapansi ili pa injini. Yapamwamba ili pa jenereta, ndipo fani ili kumapeto ena a shafiti yomweyo. Lamba mmodzi amayendetsa zonse ziwiri. N'chifukwa chake nyali yofiira ya jenereta ikayaka muli paulendo, muyenera kuima pomwepo. Mwina lamba waduka, ndipo injini yopanda mphepo imapsa m'mphindi zochepa. Anthu a mipikisano ya galimoto amaika pule yaing'ono pansi kuti fani isadye mphamvu zambiri. Iwo amathamanga kanthawi kochepa. Munthu wokwera phiri la Chiweta atanyamula matumba a chimanga asatengere zimenezo. Iye asiye pule ya muyeso wake, ndipo pokwera phiri alowetse giya yaing'ono. Injini ikamazungulira msanga, fani nayonso imapemerera kwambiri. Kukwera phiri ndi giya yaikulu, injini ikubuula, ndiko kumaitenthetsa.

Pule yapamwamba ya Volkswagen ili ndi mbali ziwiri, ndipo pakati pake pali mawashala opyapyala. Lamba akakhwepa, chotsani washala mmodzi pakati ndi kumuika kunja, pansi pa nati, kuti asatayike. Ngalande imapanikizika, lamba amakwera m'mwamba ndi kukungika. Kuti mudziwe ngati wakungika bwino, zimitsani injini, dinikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa pule ziwirizo. Alowe pang'ono chabe, ngati sentimita imodzi. Akakungika kwambiri amaononga maberingi a jenereta.

Eni zigayo, pali pule zinanso ziwiri zimene muyenera kusamala nazo. Izi ndi za lamba wamkulu wochokera ku injini kupita ku chigayo. Ena amakulitsa pule ya injini kuti chigayo chigaye msanga. Chimathamangadi, koma injini imalemedwa, imatulutsa utsi wakuda ndi kutentha. Zili ngati kusenzetsa ng'ombe ngolo yodzaza mopitirira. Kuthira chimanga chambiri nthawi imodzi, kugaya chimanga chosauma, ndi kugwiritsa nyundo zotha kapena sefa yotsekeka, zonsezi zimalemetsanso injini.

Ndipo lamba ali paliwiro sadziwa mwini wake. Musamukhudze injini ikuyenda. Amayi, mangani chitenje bwino poyandikira chigayo, ndipo ana akhale panja. Mwini chigayo atchinge lamba ndi waya kapena matabwa.

Sabata yamawa mubwere ndi yankho la samu iyi m'kope mwanu. Injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi. Pule ya injini ndi masentimita 18. Pule ya fani ndi masentimita 12. Kodi fani ikuzungulira kangati pa mphindi? Nanga wina akachotsa pule ya injini ndi kuikapo ya masentimita 15, fani izungulira kangati? Amene muli ndi chigayo pafupi, kapempheni mwini wake kuti muyeze pule zake injini itazima, ndipo mudzatiwerengere manambalawo m'kalasi.