Kukolola M'munda wa Mwini: Phunziro la Kuba Nzeru Polemba

Mphunzitsi aliyense amene ali pamaphunziro amayenera kulemba zimangirizo, malipoti ndi kafukufuku wa m'kalasi. Pa ntchito yotereyi palibe amene amayamba chimanjamanja. Tonse timawerenga mabuku ndi kufunsa odziwa. Vuto limabwera pamene wolemba watenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwapereka ngati ake, osatchula mwiniwake. Khalidweli pa Chingerezi amalitcha plagiarism, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza munthu wakuba anthu. Ife tilitcha kuba nzeru.

Mitundu ya Kuba Nzeru

Woyamba ndi kukopera ndime ya m'buku kapena ya pa intaneti liwu ndi liwu popanda kusonyeza kumene yachokera. Wachiwiri, umene umakola ophunzira ambiri akhama, ndi kusintha mawu awiri kapena atatu okha, chiganizo n'kukhalabe chomwecho. Wachitatu ndi kumasulira ndime ya Chingerezi m'Chichewa ndi kuitcha yako, pakuti ganizo silisintha mwini chifukwa chakuti lasintha chiyankhulo. Wachinayi ndi kupereka ntchito imene walemba mnzako, munthu wolipidwa, kapena makina onga ChatGPT, amene anatuluka mu 2022. N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kukambirana pagulu n'kwabwino. Koma pofika polemba, aliyense alembe zake.

Chifukwa Chake Nkhaniyi Ndi Yaikulu

Ku Malawi kuno ufulu wa olemba ndi oimba umatetezedwa ndi lamulo la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za ufuluwo. Komabe mlandu wa kuba nzeru pasukulu umapitirira pa lamuloli. Ngakhale buku litakhala lakale kwambiri, kotero kuti aliyense angalisindikize mwaufulu, kulemba dzina lako pa mawu ake ndi bodza ndithu. Chilango chake chimatha kum'tsata munthu patapita zaka. Mu 2011 Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya zachitetezo ku Germany, analandidwa digiri yake ya udokotala ndi yunivesite ya Bayreuth, ndipo anatula pansi udindo, zitadziwika kuti mbali zambiri za kafukufuku wake zinali zokopera.

Kwa mphunzitsi kutayika kwake n'kokulirapo. Amene wakopera chimangirizo chonena za kaphunzitsidwe ka kuwerenga akhoza kupeza malikisi, koma tsiku limene adzaimirire pamaso pa ana a Sitandade 1 pepalalo silidzamuyankhira. Ndiponso adzadzudzula bwanji mwana wobera mayeso, iye mwini atadutsa njira yomweyo?

Chitsanzo cha Kwathu Konkuno

Mwambo wotchula mwini si wachilendo kwa ife. Pamaliro, wolengeza chipepeso amatchula dzina la aliyense amene wapereka ufa kapena ndalama, ndipo nthumwi ya mfumu imayamba ndi kunena amene waituma. Olemba athu oyamba anakula m'mwambo womwewo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, buku lotuluka mu 1933, ndiponso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. T. Cullen Young atamasulira mabuku awiriwa m'Chingerezi, loyamba mu 1934 ndi lachiwiri mu 1949, dzina la Ntara linakhalabe pamabukupo monga mlembi. Chifukwa cha ichi, owerenga a kunja anadziwa kuti nzeruzo n'za Mmalawi. Dzinalo likanafufutidwa, ife lero tikanataya cholowa chathu.

Njira Zopewera

Tiyerekeze kuti muli pasukulu ina pafupi ndi phiri la Ntchisi, ndipo mwauzidwa kulemba za kutha kwa mitengo ndi kukokoloka kwa nthaka. Tsatani njira izi:

1. Powerenga, lembani m'kope dzina la mlembi, mutu wa buku, chaka ndi tsamba musanalembe china chilichonse. Ambiri amaba mosadziwa chifukwa anaiwala kumene anatenga mfundo.

2. Ngati mawu a mlembi ali ofunika monga momwe alili, atsekereni m'zizindikiro za mtengamawu ndi kutchula tsamba. Mawu otere akhale ochepa.

3. Ngati mukufuna ganizo lokha, tsekani bukulo, dzifotokozereni mfundoyo ngati mukuuza mwana wa Sitandade 6, kenaka lembani. Mukatero tsegulaninso bukulo kuti muone ngati simunapotoze tanthauzo. Apanso mwini ganizo atchulidwe.

4. Zimene mwamva kwa akuluakulu a m'mudzi, monga mitundu ya mitengo imene inalipo kale m'mphepete mwa mtsinje, zili ndi eni akenso. Pemphani chilolezo, ndipo tchulani wokuuzaniyo, mudzi wake ndi tsiku limene munacheza naye.

5. Onjezani zimene mwaona ndi maso anu: kuzama kwa ngalande zokumbidwa ndi madzi, mtunda umene ana amayenda potola nkhuni. Mbali imeneyi ndiyo yanuyanu, ndipo wochonga amaiyamikira koposa.

Mfundo zodziwika kwa aliyense, monga yakuti dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, sizifuna kutchulidwa gwero. Koma pamene mukukayika, tchulani. Palibe amene analangidwapo chifukwa chothokoza.

Ntchito

Sankhani ndime imodzi m'buku la maphunziro a ana. Ilembeni m'mawu anuanu m'ziganizo zitatu, bukulo lili chitsekere, ndi kutchula mlembi wake. Sinthanani makope ndi mnzanu, ndipo aliyense adule mzere kunsi kwa mawu ofanana kwambiri ndi a m'bukumo. Pomaliza konzani phunziro la mphindi 30 lophunzitsa ana a Sitandade 7 kulemba nthano imene anamva kwawo, aliyense atalemba pansi pake dzina la agogo kapena amalume amene anamufotokozera.