Mtengo wa sipika yakale wagona pa maginito

Wamalonda amene wapeza sipika yakale ya JBL, Tannoy, Goodmans kapena Celestion wapeza katundu wabwino. Pepala lake likang'ambika mmisiri amaika lina, ndipo koyilo ikapsa amakulunga ina. Koma maginito akafooka kapena kusweka, ndalama zokonzetsera zimatha kuposa phindu lonse. N'chifukwa chake ogula, ogulitsa ndiponso obwereketsa zoimbira pa maukwati ndi zinkhoswe ayenera kudziwa kasamalidwe ka maginitowa.

Mitundu iwiri

Maginito a masipika akale alipo a mitundu iwiri, ndipo amawonongeka mosiyana. Mtundu woyamba ndi alnico, wopangidwa posakaniza chitsulo, aluminiyamu, nickel ndi cobalt. Kawirikawiri amabisika m'kati mwa chitsulo chooneka ngati kapoto kuseri kwa sipika. Wachiwiri ndi ferrite, wooneka ngati mkombero wakuda wopanikizidwa pakati pa mbale ziwiri zachitsulo.

Mu 1978 nkhondo itafika ku Kolwezi m'dziko la Zaire, lomwe lero ndi DR Congo, mtengo wa cobalt unakwera kwambiri, ndipo makampani ngati JBL ndi Tannoy anasamukira ku ferrite. Masipika a alnico amene anatsala ndi amene okonda zakale amawafuna kwambiri masiku ano.

Mmene alnico amafookera

Alnico amapirira kutentha, koma sachedwa kutaya mphamvu. Magetsi akamadutsa m'koyilo amapanga mphamvu ina yolimbana ndi ya maginitowo, choncho ampulifaya yaikulu ikatsegulidwa mopyola muyeso, maginito amafooka osabwereranso mwakale. Kugwetsa sipika pansi kapena kumasula zitsulo zozungulira maginito kumachitanso chimodzimodzi. Sipika yotere imamveka motsika poyerekeza ndi inzake, ndipo besi yake imakhala yolobodoka. Kubwezeretsa mphamvu kumatheka, koma kumafuna makina apadera amene amisiri ambiri alibe.

Mmene ferrite amawonongekera

Ferrite sataya mphamvu chisawawa, koma amasweka ngati mbale yadothi. Komanso m'masipika ambiri chimene chimawagwirizanitsa ndi mbale zachitsulo zija ndi guluu. Chinyezi chikalowa, dzimbiri limamera pansi pa guluuyo n'kumutukula. Tsiku lina sipika ikagunda penapake, maginito amasuntha, ndipo chitsulo chapakati chimapana koyilo m'kampata kake. Pepala limauma gwa, kapena mawu amatuluka mokhwekhwereza.

Zoyenera kuchita

1. Pogula, wamalonda akankhe pepala pang'onopang'ono ndi zala zoyalidwa mofanana kuzungulira pakati. Likamakhula kapena kukana kuyenda, mwina maginito asuntha kapena koyilo yapindika. Ayesenso ndi batire la mavoti 1.5: pepala labwino limadumphira kutsogolo kapena kumbuyo popanda phokoso lokanda.

2. Ayang'ane mzere umene ferrite wakumana ndi chitsulo. Dzimbiri lofiira kapena mng'alu pamenepo ndi chifukwa chokwanira chotsitsira mtengo.

3. Ngati maginito a ferrite akadali pamalo pake, apukute dzimbiri ndi fumbi, kenako apake guluu wa epoxy kuzungulira mizere yonse iwiri. Kachubu kamodzi ka guluu kangapulumutse sipika yonse.

4. Asunge masipika pa thabwa kapena pa shelefu, osati pa simenti, makamaka m'nyengo ya dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo. Asawagundanitse maginito kwa maginito.

5. Ponyamula pa lole, pa minibasi kapena pa kabaza, ayale matiresi kapena makatoni pansi ndipo amange zolimba. Misewu ya mabampu imamalizitsa guluu amene anatopa kale.

6. Sipika ya alnico isalumikizidwe ku ampulifaya yoposa mawati ake. Zambiri zinapangidwa m'nthawi ya maampulifaya ang'onoang'ono: Celestion Blue ya gitala, mwachitsanzo, ndi ya mawati 15 okha. Mawu akayamba kusweka, woimbitsa atsitse voliyumu msanga.

7. Pepala likachotsedwa pokonza, kampata ka koyilo katsekedwe ndi tepi. Maginito amakoka tizidutswa tachitsulo, choncho sipika isakhale pafupi ndi owotcherera kapena opala zitsulo.

Zikavuta kale

Maginito akasuntha, sipikayo isayimbidwenso, chifukwa koyilo yopanidwa imapsa msanga. Kumenya ndi hamala kuti abwerere kumangoswa ferrite, ndipo kukanula mbalezo ndi manja kungaphwanye zala. Ntchitoyo ndi ya mmisiri wodziwa kuwongola chitsulo chapakati n'kumatanso.

Wogulitsa amene amalola kasitomala kukankha pepala, kuona kuseri ndi kumvera masipika awiri limodzi amakhala ndi poyambira potchula mtengo wabwino. Wobisa vuto la maginito amagulitsa kamodzi kokha, chifukwa oimbitsa nyimbo amadziwana ndipo amauzana.